Tsiku Limene Tinafunditsa Amalume Chitenje

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene tinachita chinkhoswe cha achemwali anga a Esinati kwathu kwa Nthache. Inali nyengo ya manachesi, pabwalo ponse pakununkhira makoko. Akuchimuna anali a tsidya la malire, ndipo mbiri inali itatipeza kale yoti apongozi aakazi ndi mayi wovuta, woona ngakhale fumbi la kunsi kwa mpando. Achemwali ankangopempherera chimodzi, kuti asachite manyazi pamaso pa mayi ameneyo.

Oyendetsa zonse anali azakhali athu a Nachisale, mayi wamfupi koma wosakanidwa. Anali ataitanitsa mipando ya pulasitiki ndi masipika kuchokera pa Boma. Dzuwa litafika pamutu, alendo ataunjikana kale pamphasa pansi pa mango, wakabaza anadzanong'ona kuti pikapu yonyamula katunduyo yafera m'njira. Achemwali analira kuchipinda mpaka phauda yense anatsika ndi misozi. Ine, ndi kamtima kanga kofulumira, ndinanyamuka kuti ndikapepese kwa alendo. Azakhali anandigwira dzanja pakhomo.

"Ukupita kuti iwe Tadala? Alendowo akudziwa kuti tinaitanitsa mipando? Chimene sanachione sangachisowe. Pukuta nkhopeyo, uziseka."

Anatuma anyamata kutchalitchi kukanyamula mabenchi ndi kuitana amayi a kwaya ndi ng'oma yawo. Koma tchalitchi chinali patali, ndipo alendo anali atayamba kuyang'anana.

Pachinkhoswe mkwatibwi satuluka msanga. Amayamba atulutsa atsikana ena atafunda zitenje mpaka kumapazi, ankhoswe akuchimuna n'kumavundukula kuti aone ngati ndi wawo. Kawirikawiri sachuluka, koma tsikulo azakhali anafunditsa aliyense amene anamupeza. Ndinayamba ndine, ndikupunthwa ndi chitenje chondikulira. Kenako mayi wina woyandikana nafe, wonenepa bwino. Mabenchi osaonekabe. Azakhali anazungulira kuseri kumene amalume a Dizimasi, bambo wamtali wandevu zambiri, ankadula nyama ya mbuzi. Amalume anakana, analumbira, anati iwo ndi mkulu wa mpingo, koma mapeto ake anafunda.

Sindidzaiwala mmene anatulukira. Atafika pabwalo manyazi anawathera, nayamba kudzithyolathyola ngati namwali, nsapato zawo za nkhwaila zikusuzumira pansi pa chitenje. Ankhoswe atavundukula, ndevu mbwee. Bwalo lonse linagwa nacho chiseko. Apongozi ovuta aja anaseka mpaka duku linawagwa, akupukuta misozi.

"Ameneyu ndiye titenga, adzatilimira," anatero.

M'kati mwa phokosolo mabenchi analowa, ng'oma inalira, ndipo anthu anaona ngati ndi mmene tinakonzera. Achemwali anatuluka nkhope itakonzedwanso. Apongozi ananyamuka akuvina, namasula chitenje cha m'chiuno mwawo n'kuchiyala pansi kuti mpongozi wawo apondepo. Ndinasangalala mpaka ndinalira, osadziwa kuti ndikulirira chiyani.

Lero ndili ndi kakampani kanga pa Boma. Timakonza maukwati, misonkhano ndi zionetsero za malonda, ndipo ena atiitana mpaka ku Blantyre. Ku koleji anandiphunzitsa kukopa makasitomala ndi kulemba pulogalamu, koma palibe anandiuza choti ndichite keke ikachedwa kapena magetsi akathima mkwatibwi ali pakhomo. Zikatero antchito anga amandithamangira nkhope zitagwa, ine n'kuwabweza kuti akayambe aseka.

Ndinazindikira kuti munthu akamachoka pamwambo satenga mipando kapena maluwa, amatenga mmene anamvera mumtima. Achemwali akhala ndi apongozi awo mwamtendere zaka zonsezi. Mayiwo, ngakhale akalamba, amauzabe anthu kuti kwa Nthache n'kumene kuli anthu odziwa kukonza chinkhoswe, ndipo m'banja mwathu palibe amene anawatsutsapo.