Voti imodzi ya a Ketulo

Mumsewu wawo aliyense ankawatchula kuti Mayi Vanishi, ndipo iwo anasiya kalekale kulimbana nalo dzinalo. Akanalimbana nalo bwanji fungo likuwatsogolera kulikonse? Amuna awo ankaluka mipando ya zingwe pakhonde la kuseri, iwo n'kumapala matabwa ake, kupaka vanishi, kuyanika, kenako kuisenza iwiriiwiri kupita nayo kumsika. Zaka makumi atatu za ntchito imeneyi zinalowerera m'zala, m'zovala, ngakhale m'mapilo momwe. Sopo anayesetsa ndithu, koma anagonja.

Amuna awowo, amene anthu ankangowatcha a Mipando, anasiya kuona ali mnyamata atadwala kwambiri. Anali munthu wa nthabwala zosatha. Alendo akabwera kudzagula mpando, ankawauza kuti, "Anzanga anakwatira poona nkhope. Ine ndinakwatira mkazi amene sangandizembe. Ndimamumva asanakhote pa golosale."

Mayi Vanishi ankangotsonya, koma mumtima zinkawakomera. Tinene zoona, mayiyu ankakonda kufunika. Pamsewu ankatsogola pang'ono, dzanja la amuna awo lili pachigongono, iwo n'kumalengeza zonse za m'njira: "Mwala! Njinga! Ngalande!" Nthawi zina ankalengeza ngakhale mwala umene nkhuku ikanaudumpha, pofuna kuti anthu aone kuti ntchito ikugwirika.

Tsiku limene ankafunika kuposa masiku onse linali la chisankho. Za zisankho zikuluzikulu tisazilowe. Nkhani yathu ili pa cha makhansala, chimene chinkakhala ndi tsiku lakelake. Malamulo ankalola munthu wosaona kulowa m'kachipinda koponyera voti ndi womuthandiza amene wamusankha yekha, ndipo a Mipando ankasankha akazi awo. Mayi Vanishi ankasita malaya a amuna awo mpaka kolala kuuma gwa, iwonso n'kuvala diresi la kutchalitchi. Akafika pasukulu, wapolisi ankawadutsitsa mzere wonse. Kudutsa kumeneko ankakuchita pang'onopang'ono, akupatsa moni anzawo amene aima padzuwa.

M'kachipindamo zinkayenda chimodzimodzi chisankho chilichonse. Iwo ankatambasula pepala, amuna awo n'kuwanong'oneza kuti, "Ketulo." Ankapuma mozama kuti amuna awo amve bwino kuti sakugwirizana nazo, n'kuchonga pa ketulo, kupinda pepala ndi kuliika m'dzanja la mwini wake kuti akaponye yekha m'bokosi. Akatero ankabwerera kutebulo kukatenga pepala lawo, n'kukachonga munthu wanzeru.

A Ketulo anali mkulu wina wokonza mawotchi kutsidya kwa njanji, amene ankaima paokha chisankho chilichonse ndi chizindikiro cha ketulo. Lonjezo lawo linali limodzi lomwelo kuyambira tsitsi lili bii mpaka lonse kuyera: kuphimba ngalande za m'misewu. Msonkhano wawo ukachuluka anthu, ndiye kuti kwagwa mvula ndipo anthu ausa pakhonde la shopu yawo. Mayi Vanishi ankati amuna awo akutaya voti, komabe ankawamvetsa. Munthu amene anagwerapo m'ngalande katatu ali ndi ufulu wokonda aliyense wotchula mawu oti chivindikiro.

Kukacha, awiriwa ankabwerera kusukulu kuja, kumene zotsatira zinkamatidwa pachitseko cha kalasi. Mayi ankawerenga mokweza kuyambira pamwamba, ndipo akafika pansi penipeni ankati, "Ketulo, imodzi."

"Ndi yangayo," ankatero a Mipando, n'kubwerera kunyumba akuimba mluzu. Zinachitika choncho kasanu ndi kamodzi, osaphonya.

Chaka chino mwana wawo wamkazi, amene amalemba za milandu kukhothi, anabwera Loweruka lina ndi kanthu m'chikwama. Anapeza bambo ake akumanga zingwe pampando wa mwana, mayi ake akutsuka burashi m'chitini cha palafini.

"Bambo, tambasulani manja," anatero.

Chinali chikatoni chopindidwa pawiri, chokhala ndi mabowo asanu m'mbali mwake, ngodya imodzi yodulidwa. Mwanayo anafotokoza kuti pepala lovotera limalowa mkati, ngodya yodulidwayo imasonyeza kumwamba, ndipo bowo lililonse limagwera pa bokosi la munthu mmodzi. Woyang'anira amakuwerengera mayina motsatana, iwe n'kulowa wekha, kuwerenga mabowo ndi chala, n'kuchonga.

"Wekha?" anafunsa Mayi Vanishi, burashi ili m'mwamba.

"Yekha, amayi. Malamulo aakulu a dziko amati voti ndi yachinsinsi kwa aliyense. Sanalembe kuti kupatula osaona. Kungoti zaka zonsezi panalibe amene anaganiza zoboola katoni."

"Ndiye ine ndakhala chiyani zaka zonsezi? Wailesi? Ndinaulutsapo kwa ndani?"

"Palibe wanena zimenezo. Akafuna kulowa nanu, ufulu ulipobe. Asankhe okha."

Onse anatembenukira kwa a Mipando. Iwo anali atasiya kale mpando uja. Chala chawo chinkatsika ndi mabowo, kukwera, kutsikanso, nkhope ili ngati ya mwana amene wapatsidwa nsapato zatsopano. Mayi Vanishi anaona nkhopeyo ndipo mtima unawapweteka. Yankho anali atalimva amuna awo asanalinene.

Mwanayo anawerenga mayina a opikisana. Panali khansala wakale, mwini malole wina, m'bale wake wa mwini maloleyo, a Ketulo, ndiponso mphunzitsi wina wamkazi woyenda pa njinga ya olumala.

"Ameneyo anthu kumsika akuti malamulo sangamulole kukhala pampando," anatero mayi, pofuna kuti nkhani ipite kwina.

"Anthu akumsika awerenge kaye. Malamulo amafunsa zaka zake, ngati ndi nzika, ndiponso ngati alibe milandu ina yake. Za miyendo mulibemo."

"Ine ndaluka mipando yosawerengeka," anatero a Mipando, "koma sindinamvepo mpando ukufunsa kuti wokhalapo wabwera bwanji."

Masabata awiri otsatira, ntchito pakhonde inayenda mokokakoka. Mpando wa mwana uja unakhala theka, mwini wake kubwera kawiri n'kubwerera chimanjamanja. A Mipando ankangoyeserera kuchonga, mpaka anathetsa mapepala a kalendala yonse yachaka chatha. Mayi Vanishi ankapala matabwa mwaukali, fumbi lili koboo, ndipo tiyi ankamuika patebulo osanena kuti kapu ili mbali iti. Sankadandaula za ndale. Ankaopa kuti lero ndi kachipinda kovotera, mawa adzabwera ndi chinthu china chodziwa njira ya kumsika, iwo n'kutsala mayi wonunkha vanishi basi.

Tsiku litafika anasitabe malaya, chifukwa mkwiyo ndi wina, kolala ndi wina. Anawafikitsa amuna awo patebulo, woyang'anira n'kuwawerengera mayina kawiri, kulowetsa pepala m'chikatoni, ndi kuwalondolera pakhomo la kachipinda. Mayi anatsatira mwachizolowezi.

"Mayi, inu muimire kaye apo," anatero woyang'anira mwaulemu. "Mzere wanu ndi uwo."

Mzere! Munthu amene kwa zaka makumi atatu ankaudutsa akugawa moni. Anakaima kumbuyo kwa mayi wogulitsa makala, amene anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Takulandirani kuno kwa ife anthu wamba. Dzuwa lake ndi lomweli." Ali pamzerepo anaona amuna awo akutuluka, kupapasa bokosi, kuponya pepala, n'kukakhala pabenchi pansi pa mtengo, chipewa chili pabondo.

Nthawi yawo itakwana, mutu wawo unali pabenchi paja. Kodi chikatoni sichinatsetsereke? Kodi cholembera chinalemba? Nanga ngati anachonga pa tebulo? Analowa m'kachipinda, kutambasula pepala, kupuma mozama monga mwa nthawi zonse, kuchonga, kupinda, n'kutembenuka kuti alipereke m'dzanja la munthu. Panalibe dzanja. Anakaliponya okha m'bokosi, n'kubwerera kutebulo.

"Pepala langa," anatero.

Mtsikana wapatebulo anayang'ana m'kaundula, kenako chala chawo cha inki. "Mwavota kale, mayi."

"Ayi, ilo linali la..."

Mawu anathera pomwepo.  Dzanja lawo, limene kwa zisankho zisanu ndi chimodzi linkayambira pa ketulo, silinauzidwe kuti zinthu zasintha. Munthu wanzeru amene anamukonzera voti anatsala opanda kanthu, ndipo Mayi Vanishi, amene ankanyoza a Ketulo poyera pamsika, anali atawavotera.

Kunyumba anaibisa nkhaniyo. Ankangowerengera mumtima kuti mawa pachitseko padzalembedwa ziwiri, amuna awo adzafunsa kuti wopusa mnzanga ndani, ndipo iwo adzati mwina wina analedzera.

M'mawa anapita kusukulu monga mwa masiku onse. Pachitseko panali anthu ochepa. Mayi anawerenga kuyambira pamwamba. Mphunzitsi wa njinga uja anali patsogolo ndi mavoti ambiri ndithu, khansala wakale akumutsatira patali. Chala chinatsika mpaka pansi, n'kuima.

"Bwanji mwakhala chete?" anafunsa a Mipando.

"Ketulo, imodzi."

"Imodzi? Tawerenganinso bwino."

"Maso ndi anga. Imodzi. Inu mumayembekezera zingati?"

A Mipando anavula chipewa, kukanda m'mutu, n'kuchivalanso. "Ziro," anatero motsitsa mawu.

Mayi Vanishi anawakokera pabenchi ya pansi pa mtengo ija, kutali ndi makutu a anthu, n'kuwakhazika pansi ngati katundu.

"Bambo, tandiuzani bwino. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuchonga ketulo mtima ukuwawa. Dzulo munalowa nokha n'kumusiya?"

A Mipando anayamba kufotokoza, chala chikupota m'mphepete mwa chipewa. Chisankho choyamba chija anali atangokwatirana miyezi inayi. Achimwene awo anawauza kuti munthu wosaona savota, amavota ndi womugwira dzanja, ndipo mkazi akhoza kuchonga amene wamufuna iye, iwe n'kumangomwetulira. Choncho anatchula dala munthu amene sangavoteredwe ndi aliyense pamalopo, kuti zotsatira zikatuluka adziwe ngati mawu awo anafika.

"Munali kundiyesa mayeso?"

"Chaka choyamba chokha. Munakhoza."

"Nanga zaka zina zonsezi? Ndinkabwereza kalasi?"

"Ayi, mayi." Anapitiriza kuti, "Ndikanatchula wina, voti yanga ikanalowa m'chigulu, osaidziwanso. Pamene paja mukati imodzi, ndinkadziwa kuti ndilipo. Ndiponso inu mumadziwa zanga zonse. Mumadziwa malaya amene ndavala ine ndisanawadziwe. Kalata yanga mumayamba kuiwerenga ndinu. Sindikudandaula, mwandisunga. Koma ndinkafuna kakanthu kamodzi kokha kotsala mumtima mwangamu, ndiye amene ndinkamufuna zenizeni sindinkamutchula."

 Mayi Vanishi anakwiya chifukwa cha mayeso aja, inde. Koma chimene chinawalasa kwambiri n'chakuti munthu amene ankagona naye nyumba imodzi anakhala zaka makumi atatu osavotako kumtima kwake, iwo ali pambali pake akunyadira kudutsa mzere. Misozi inalengeza, ndipo anaipukuta msanga ndi nsonga ya mpango, ngakhale kuti amuna awo sakanaiona.

"Chikundidabwitsa n'chimodzi," anatero a Mipando. "Wamuvotera ndani mkulu uja?"

Mayi anayang'ana kumbali. "Mwina wina analedzera."

"Mayi, mukanama mumapuma ngati mukukwera chitunda."

Basi anaulula zonse, mpaka za mtsikana wapatebulo. A Mipando anaseka mpaka chipewa kugwa, anaseka mpaka wapolisi kusuzumira. Kenako kuseka kunazilala. Anapapasa pabenchi, kupeza dzanja la akazi awo, n'kuligwira ndi manja awiri, dzanja lokhakhala lonunkha vanishi lija.

"Ndiye kuti ili linalowa nane ndithu," anatero.

 Kenako Mayi Vanishi anatola chipewa, kuchikuntha fumbi, n'kuchiika pamutu pa mwini wake mopendekeka dala.

"Chabwino. Poti ine ndaulula, inuyo mwavotera ndani? Mphunzitsi uja eti?"

"Chinsinsi, mayi."

"Ngakhale kwa ine?"

"Makamaka kwa inu."

Zinawabayabe pang'ono, koma anapeza kuti sizopha munthu. Anaimirira, kukonza diresi, n'kunena kuti poti bambo tsopano ndi odziimira paokha, ayende okha, iwo ali ndi mipando yoti apake. A Mipando anaimiriranso, n'kutambasulira dzanja pamalo pomwe chigongono chija chinkakhala nthawi zonse.

"Chikatoni chija ndachisiya patebulo," anatero. "Sichidziwa njira ya kwathu."

Mayi Vanishi anatsonya, n'kusendeza chigongono kuti dzanjalo lichipeze. Atangotuluka pageti la sukulu, kudakali mtunda ndithu kuti afike pamsewu, anakuwa mokweza kuti aliyense amve: "Ngalande!"