Mowa wa mu Ketulo Umene Mwini Wake Sanayambe Kulawa

Ine pamsika wa pa Boma la Dedza ndagulitsapo kachewere zaka zambirimbiri, ndipo palibe anafunsapo kuti mdala uja wayala pati lero. Ndikati “Kachewere uyu!” kumunsi kwa msika, a kokwerera minibasi amatembenuka. Kulemba ndinaphunzira nditamera kale imvi, kusukulu ya kwacha, ndiye izi ndikulemba pang'onopang'ono. Koma pa zimene ndinaona ndi maso angawa sindifuna mphunzitsi.

Zinali zaka zija matipate atangolowa. Kale mlendo akafika pa Boma, dzuwa lisanapendeke anali atafunsidwa kale kwawo ndi chimene wadzera. Koma nthawi imeneyo aliyense ankangofika n'kuyala: a kaunjika, a mankhwala a m'mabotolo opanda dzina, alaliki a zimkuzamawu. Mwezi wa Juni, kuzizira kuja kolowa m'mafupa, kunafika lole n'kutsitsa zitsulo pabwalo la kuseri kwa msika. Patatha masiku atatu panaima chinthu chozungulira, denga lake la tenti, pansi pake akavalo amatabwa asanu ndi atatu opaka penti. Akaliza injini, akavalo aja ankathamangitsana osapezana, nyimbo ikulira. Anthu anachitcha katungwe wa Mchaina.

Mwini wakeyo sanali Mchaina, anali wa ku Koreya. Anandiuza zimenezi ndi mwana wanga wamkazi, wachiwiri kubadwa. Mwamuna wake anali atamwalira chaka cham'mbuyo n'kumusiyira ana atatu, ndipo Mkoreyayo anamulemba ntchito yodula matikiti poti Chingerezi ankachimva. Ntchito imeneyo ndiyo inkadyetsa adzukulu anga. Izi ndinkazidziwa bwino.

Koma chinthucho ine sindinachikhulupirire. Munthu n'kuchoka kutsidya kwa nyanja, kulambalala Lilongwe, kulambalala Blantyre, kudzazunguza ana a ku Dedza pa timakobiri? Tsiku lina ndinaona mwana wa mayi wogulitsa nyemba akutsika pakavalo akudzandira, n'kusanza pa udzu. Ndinafunsa funso limodzi lokha: “Mphamvu zatuluka mwa mwanayu zalowa kuti?” Ndinafunsa kamodzi, koma ndi mawu angawa. Pofika tsiku la msika lotsatira panalibe mayi wolola mwana wake kuyandikira. Ena anawonjezera kuti pansi pa injini pali botolo lodzaza magazi. Zimenezo sindinanene ndine. Komanso sindinazitsutse.

Lachinayi mwana wanga anafika pamatumba anga n'kunjuta.

“Bambo, pakamwa panupa pandichotsa ntchito. Abwana akuti Loweruka likudzali pakapanda okwera, amasula zitsulo apite ku Ntcheu.”

“Apite. Msewu ndi womwewu.”

“Ana aja muwadyetsa kachewere wanuyu m'mawa ndi madzulo?”

Ndinayamba kusankha mbatata zimene zinali zosankha kale. Ndiye anati, “Akukuitanani mawa masana. Akuti afuna acheze ndi mkulu wa pamsika.”

Mawu akuti mkulu wa pamsikawo ndiwo anandinyamula. Koma sindinapite ndekha. Ndinatenga mnzanga telala, Msilamu, amene ankasoka pakhonde la sitolo moyang'anana nane.

“Tiyeni, achimwene,” anatero akuvundikira makina ake. “Ine sindimwa, ndiye ndikhala ndi maso okafotokozera akwanu mmene mwafera.”

Tinapeza benchi kuseri kwa tenti ndi kreti yovundikira ngati tebulo. Mkoreya uja anali wamfupi, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Atandiona anawerama mpaka mutu kufika m'mawondo. Ndinamugunyuza telala. Munthu akawerama chotero nkhope yake suiona.

Mkoreyayo anatulutsa ketulo ndi timbale tiwiri tachitsulo. Ndinayesa ndi tiyi. Mwana wanga, amene ankamasulira, anati ndi mowa wa kwawo, wafulula yekha ndi mpunga wa ku Bwanje. Akuti kwawoko m'misika anthu amaumwera pamabenchi ngati yomwe tinakhalirayo, akudya zokazinga, ndipo akuti kuli mabwalo a akatungwe aatali kuposa bulugamu, iyeyo anakulira pafupi ndi limodzi. Ndinangoti eya. Mowa wa mu ketulo! Unali woyera ngati mkaka, fungo lake ngati thobwa logona.

Tsono kwathu kuno, kuyambira ku Chongoni mpaka ku Mayani, mowa uli ndi lamulo lake. Mwini mowa amatunga, n'kumwa iye poyamba anthu onse akuona kholingo lake likuyenda, kenako n'kupereka chipanda chomwecho kwa mlendo. Timati wachotsa mankhwala. Ngakhale mlongo wako weniweni amatero, ndipo palibe amakwiya nazo.

Mkoreya anagwira ketulo ndi manja awiri, n'kuthira m'mbale yanga, n'kuikankhira kwa ine. Osalawa. Anangopinda manja n'kumandiyang'ana akumwetulira.

Kenako anandipatsa ketulo.

“Akuti muwathirire, Bambo.”

Ine mlendo, kuthira mowa wa eni? Ndinaona pomwepo pamene pagona nkhani: zikavuta, adzanene kuti ketulo ndinaigwiranso ine. Ndinathira pang'ono. Analandira ndi manja awiri, n'kuika pansi, n'kumadikirabe.

“Muuze ayambe. Mwini mowa ndi iyeyo.”

Mwana wanga anamasulira. Mkoreya anapukusa mutu n'kunena m'Chichewa chake chothyokathyoka, “Agogo poyamba. Agogo poyamba.”

“Akukukondanitu,” anatero telala chapansipansi. “Afuna mutsogole.”

Ndinakana katatu. Kachinayi munthu uja ananyamula mbale yake, n'kutembenuka kundipatsa msana, dzanja lina n'kutchinga pakamwa. Atatembenukanso, mbale inali yopanda kanthu.

Ndinaimirira, benchi n'kupendekera kwa telala.

“Mwaona? Mwaona a telala? Kholingo lake mwaliona likuyenda inu? Wathira m'malaya ameneyu! Ndipo mankhwala akakhala m'mbale yangayi osati mu ketulo, angadziwe ndani?”

Anthu anayamba kusiya malonda, amayi a tomato, anyamata a chipisi, onse kudzaunjikana kuseri kwa tenti. Mkoreya ankangoyang'ana ine, kuyang'ana mwana wanga.

“Bambo, khalani pansi,” anatero mwana wanga. “Kwawo wamng'ono sayamba kumwa mkulu asanamwe, ndipo samwa akuyang'anizana naye. Ndi ulemu umenewo. Inu simunkabisala podya kwa apongozi anu?”

“Apongozi anga sankandifululira mu ketulo!”

Anthu anaseka. Ine ndinanyadira kusekako. Ndikanadziwa ndikanakhala chete. Mwana wanga anagwada, n'kutenga mbale yanga ija ndi manja awiri, n'kuyang'ana ine m'maso, n'kumwa yonse mpaka nsenga za pansi. Kholingo lake ndinaliona bwino lomwe. Anapukuta pakamwa ndi chitenje.

“Mankhwala ndachotsa ine, Bambo.”

Ndinamugwira padzanja ngati kamwana, kudutsa naye pakati pa anthu, n'kukamukhazika pathumba la kachewere. Ndinagula botolo la mkaka n'kuliika pafupi, poti ukamwetsa msanga munthu wodyetsedwa amasanza. Iye anaukana mkakawo. Ndiye ndinakhala pansi n'kumamuyang'ana milomo ngati ikuda, maso ngati akutembenuka. Ogula ankabwera, ine osawayankha. M'mutu mwanga ndinkangoona ana atatu aja, ndi mmene ndikawauzire kuti mayi wawo wamwa chimene anathirira ine.

Patapita kanthawi anayamba kusinza. Ndinamugwedeza, iye n'kuphulika chiseko. Kenako anayamba nyimbo ya kwaya, munthu amene sanalawepo ngakhale masese.

Telala anasuzumira ali pakhonde pake. “Imfa yake ndi yabwinotu iyi, achimwene. Munthu akufa akuimba.”

“Sokani mathalauza a eni inu!”

Masana onsewo Mkoreya anaima patali pafupi ndi akavalo ake, manja kumbuyo, osayandikira, osachoka. Ndinati akudikira kuti aone ngati zagwira. Pano ndimati mwina ankadikira zomwe ndinkadikira ine. Sindidziwa.

Dzuwa litapendeka mwana wanga anadandaula mutu n'kupempha chipisi. Anadya mbale yonse, n'kuimirira, n'kukung'untha chitenje, n'kupita kukaphikira ana osandilankhula.

Loweruka m'mawa ndinavala jekete langa la kutchalitchi. Msika utadzaza ndinapita pabwalo paja. Panalibe mwana ngakhale mmodzi, anthu anali atangoima patali. Mwana wanga anali pakatebulo kake, wamoyo, nkhope ili yolimba.

“Tikiti imodzi,” ndinatero.

“Ya ndani?”

“Ya mkulu wa pamsika.”

Ndinasankha kavalo wakuda, poti ndiye anthu ankamuopa kwambiri. Injini inalira. Phiri la Dedza linandidutsa kamodzi, kawiri, kenako ndinasiya kuwerenga. Ndinakumbatira khosi la kavalo n'kutulutsa mawu aja a kachewere: “Amayi inu, bweretsani ana! Ndi chizungulire chabe ichi! Chizungulire!” Akuti anandimva mpaka kuchipatala. Potsika ndinagwira mzati nthawi yaitali ngati ndikuona mmene anaumangira, kuti pasapezeke wondiona ndikudzandira. Woyamba kubweretsa mwana anali mayi wa nyemba uja.

Katungwe anakhala mpaka mvula yoyamba, ndipo mwana wanga anadula matikiti mpaka tsiku lomasula zitsulo. Zimene anasunga ndi zimene anayambira geni ya kaunjika, ndipo ana aja anakula.

Mowa uja ndinadzaumwa, ndisaname, ndipo unali wokoma, wotsekemera chowawasa, wokwera mwakachetechete. Koma ndinkabwera ndi chipanda changa cha kunyumba, ndipo ankayamba kumwera ndi Mkoreyayo, akuyang'ana ine. Ankamwa atatsinzina, makutu atafiira ngati akutukwana bambo ake. Akatero ndinkalandira. Pansi pa injini ndinakasuzumiranso ndekha tsiku lina iye atapita kukagula dizilo. Botolo linalipodi. Ndinanunkhiza, ndinapaka pachala: anali mafuta akuda a injini. Koma chimene analambalalira Lilongwe ndi Blantyre n'kudzaima pa Dedza sanandiuze zomveka mpaka anakwera lole yake.