Matumba Amene Anabwerera M'boti

Anabwera kudzanditenga m'mwezi wa Abrili, chaka chimene mtsinje wa Lunho unasefukira, nkhondo ili pakati. Anzanga ena akamafotokoza za kumangidwa kwawo amayamba ndi kugogoda kwa pachitseko. Ine sindingatero, chifukwa chitseko changa chinali chitapita ndi madzi. Chinakaoneka kufupi ndi Likoma, nkhuku zanga ziwiri zili pamwamba pake, tambala akuwongolera ulendo. Ndikulumbira. Amene anandiuza ndi munthu wosanama kawirikawiri.

Choncho amilisiya awiri anafika m'mawa, n'kuima pamene panali khomo. Wina anagogoda mtondo wa akazi anga ndi thako la mfuti.

"Odi kuno."

"Lowani, kamarada. Paliponse pamene mwakonda ndi pakhomo."

Sanaseke. Wamkuluyo anati ashefi, abwana a kuboma, akufuna kucheza nane pang'ono, ndibwerako madzulo. Akazi anga anali akuyanika chinangwa chimene tinafukula m'matope. Anandiyang'ana ine, anayang'ana mfuti, kenaka analowa m'kachisakasa kathu n'kutuluka ndi jekete langa la kutchalitchi. Kunja kunali kotentha. Iwo anadziwiratu kuti madzulo a boma amachedwa kufika.

Ndiyambe ndafotokoza za ine. Ndine msodzi wa kufupi ndi Msumba, ndipo kuyambira ndili mwana ndimadziwika ndi pakamwa. Ndine amene ndinaona nkhungu zitachuluka panyanja mpaka tinkachita kuzidula ndi chikwanje kuti bwato lidutse. Zinachitikadi, kungoti mboni zonse zinamwalira. Pamaliro ankandiika kutali ndi anamfedwa, paukwati ankandiika pakati.

Madzi anabwera mu Janeiro. Anatenga minda ya chinangwa, mpunga wa m'dambo, ndi nyumba zonse za m'mbali mwa mtsinje. Kukwera kumtunda kwa Maniamba kukasaka chimanga sikunatheke, chifukwa mumsewu munali mabomba okwirira ndi anthu a mfuti a m'thengo. Kuwolokera ku Likoma popanda giya, kapepala ka chilolezo choyendera, unali mlandu. Nsomba zinalipo, koma maukonde ambiri anali atakokoloka, ndipo mwana sakhuta usipa wokha. Tinakhala n'kumadikira boma.

Pa wailesi ya akatekisiti tinkamva kuti mayiko akunja atumiza chimanga chochuluka chothandizira ife a m'chigawo cha Lago. Pa wailesipo tinkadya tsiku ndi tsiku. Ine ndinafika potsala pang'ono kunenepa. Amayi pachitsime ankang'ung'udza chapansipansi, akaona sekeretariyo wa mudzi n'kusintha nkhani. Mu Fevereiro ana anayamba kutsegula m'mimba. Wathu wachitatu, wamkazi, amene anali atangoguluka mano akutsogolo, anasiya kupempha chakudya. Tinamuika pachitunda m'mwezi wa Marso, popeza manda akale anali akadali m'madzi.

Dothi la pamanda pake lisanaume, sekeretariyo analengeza kuti boti likubwera ndi chimanga, ndiponso alendo akunja odzaona mmene boma likugawira. Anati tisambe ndipo tiimbe. Tinasamba. Boti litafika tinalowa m'madzi, amuna ndi akazi, kugwira chingwe chake n'kulikokera kumtunda. Tinatsitsa matumba pamsana pathu. Banja lililonse linaimikidwa pambali pa thumba, dzanja pamwamba pake, azungu akujambula. Kenaka alendo anatengedwa kukaona tchalitchi chakale ndi kukadya. Atangokhota pamtengo wa mango, mkulu wa m'botimo anati matumba onse abwerere. Anati akalembedwe kaye kunkhokwe ya boma. Woyendetsa boti anatinong'oneza kuti mawa matumba omwewo akaonetsedwa ku mudzi wina.

Apa mpamene tinalakwitsa. Kwathu kuno khoka likamakokedwa, aliyense amene wagwira chingwe amalandirako nsomba, kaya ndi wodutsa m'njira, kaya ndi mdani wa mwini khoka. Palibe amachita kupempha. Ndiye amayi aja sanaganize kuti boma likuwabera. Anangoona kuti mkuluyu ndi wa m'tauni, sadziwa, afunika kumuuza mwaulemu. Akazi anga anakhala pa thumba lathu, n'kuwomba m'manja pang'ono.

"Pepani ashefi, mwina simunaone. Ife tagwira chingwe."

Amayi ena nawonso anakhala pamatumba awo. Amilisiya anayamba kuwanyamula mmodzimmodzi n'kuwaika pamchenga. Sanamenye aliyense. Akazi anga anali atapepuka moti mmilisiya mmodzi anawakwanitsa yekha.

Nthawi yomweyo mzungu wina wamkazi anabwerera kudzatenga chipewa chimene anaiwala m'boti. Paphewa anali ndi kamakina kojambulira mawu. Anafunsa m'Chipwitikizi kuti chikuchitika n'chiyani. Onse anacheukira kwa ine, poti wolankhula pamudzi ndinali ine. Ndinayankha m'Chipwitikizi changa cha ku misiyoni. Ndinati matumbawa akubwerera, ifeyo sitinalandirepo kanthu chisefukireni madzi, ana akufa, ndipo wina wa iwo ndi wanga. Moyo wanga wonse, ndi tsiku lokhalo limene ndinanena nkhani osathirako mchere.

Patapita masabata angapo mawu anga anamveka pa wailesi yakunja. Akatekisiti anathamanga kudzandiuza kuti mayiko aja akwiya, aimitsa chimanga mpaka boma lifotokoze. Amilisiya anafika posakhalitsa.

Kuboma ananditsekera m'nyumba ina yakale yosungiramo katundu, pamodzi ndi amuna ena amene anagwidwa opanda giya. Kuseri kwa khoma lathu kunali nkhokwe ija. Matumba anga aja ndinawapeza. Anankafumbwe ankadya mokweza moti masana tikafuna kumvana tinkachita kukuwa. Mulungu andione ngati ndikuwonjezera.

Ashefi amene ankandifunsa anali mwamuna wamng'ono kwa ine, waukhondo, wolankhula modekha. Tsiku loyamba anandipatsa mpando.

"Tafufuza za inu," anatero. "Aliyense akuti ndinu wabodza. Ngakhale apongozi anu."

"Apongozi anga amandidziwa bwino, ashefi."

"Ndiye nkhani yanu ndi yophweka. Tipita nanu kumudzi kwanu, tiitana anthu ndi alendo aja. Mukaima kutsogolo n'kunena kuti zija zinali nthabwala zanu za masiku onse. Anthu akaseka, alendo akamvetsa, inu mukagona kwanu."

"Ziti zimene zinali nthabwala?"

"Zonse."

"Ndi za mwana zomwe?"

"M'chigawo chino mulibe mwana amene wafa ndi njala. Mukanena kuti mwana ameneyo munangomupeka kuti nkhani ikome."

Ndinawauza kuti mabodza ndili nawo ambiri, abwinoabwino, asankhepo limene akonda ndikalinene ngakhale pamaso pa abishopu. Koma ili lokha sindingathe, chifukwa mwini wake ali pachitunda ndipo sangadziyankhire. Anachotsa mpando uja.

Za chamboko sindinena zambiri. Chimapangidwa ndi chikopa cha mvuu, ndipo ine ndi mvuu sitinagwirizanepo chiyambire. Mwezi wa Mayo wonse ndinagona chafufumimba. Mu Junyu mwera unayamba kulowa pazenera, jekete la kutchalitchi lija linagwira ntchito imene akazi anga analitumira.

Chimene chinandipweteka kuposa chamboko ndi mawu amene ashefi ananena tsiku lina osakweza mawu.

"Mukudziona ngati ngwazi. Chimanga chaima padoko chifukwa cha pakamwa panu. Ana amene afe mwezi uno, wawapha ndani?"

Mpaka lero ndilibe yankho lokwanira. Ndikanawauza kuti chimanga chimene chinafika kale chikudyedwa kuseri kwa khomali, koma iwo ankadziwa kale zimenezo.

Pakati pa otilondera panali mdala wina wachisilamu wa ku Nkholongue, amene anapatsidwa mfuti atakalamba kale. Ankaigwira ngati nkhafi. Akamaliza swala ya masana ankabwera pazenera n'kundiponyera kachidutswa ka chinangwa chootcha, amvekere, "Achimwene, lipirani. Nkhani imodzi." Ndinkamulipira. Ankaseka mopanda phokoso, mapewa okha akugwedezeka, kuopa ashefi.

Tsiku lina sanapemphe nkhani.

"Achimwene, bwanji osangonena? Inu kunama sikukuvutani. Mulungu akudziwa kuti mwanayo analipo. Kodi sizokwanira?"

"Mulungu akudziwadi, baba. Koma pamsonkhanopo padzakhalanso amayi ake."

Ndinamufotokozera chimene ndinkaopa. Ndikaima kutsogolo, anthu a kwathu amayamba kuseka ndisanatsegule pakamwa. Anazolowera. Ndikanati mwana uja ndinangomupeka, akanaseka, ena ndi mantha, ena ndi chizolowezi. Ndipo akazi anga akanaima pakati pawo, n'kumamva mudzi wonse ukuseka mwana wawo, woyambitsa ine.

Mdalayo anatsamiritsa mfuti yake kukhoma. Kenaka anafunsa kuti, "Anali wotani?"

Chichitikireni maliro panalibe amene anandifunsapo zimenezo. Ndinamuuza kuti ankaopa nkhanu koma sankaopa mphenzi. Ndikayamba nkhani zanga ankaima manja m'chiuno n'kunena kuti, "Ababa, ine ndinalipo, sizinatero ayi," ngakhale nkhani zimene zinachitika iye asanabadwe. Mdala uja anapukuta m'maso ndi kofiya yake n'kubwerera pamalo pake. Sanandiuzenso kuti ndinene.

Chakumapeto kwa Agosito zinthu zinasintha mwadzidzidzi. Anandipatsa sopo, lezala ndi nyemba. Nyemba m'mawa, nyemba madzulo. Mdala wanga anandinong'oneza kuti akunja aja avomera kuyambiranso, koma agawa okha ndi boti lawo, ndipo akufuna aone munthu wa pa wailesi uja akuyenda ndi miyendo yake. Boma linali ndi masiku ochepa oti libwezeretse thupi limene linatenga miyezi kulichotsa. Linayesetsa ndithu. Sindinaonepo boma likudera nkhawa nthiti za munthu mmodzi chotero.

Tsiku londitulutsa, ashefi anandiitana.

"Akakufunsani, munali mlendo wathu."

"Ndikanena kuti nyemba zinali zabwino, ashefi. Zimenezo n'zoona."

Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anati, "Pitani." Za kumsonkhano sanazitchulenso. Pachipata mdala uja anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri. Sindinamuonenso. Ndinamva kuti anafera pamsewu wa ku Maniamba chaka chotsatira.

Chimanga chinafika kumudzi mu Setembro, ndipo ulendo uno matumba anatsala. Sindinena kuti ndine ndinachibweretsa. Pachitunda paja ndinapeza timitumbira tatsopano, ta ana amene anamwalira chimanga chitaima. Amayi awo ena amandipatsa moni. Mmodzi sandipatsa mpaka lero, ndipo sindimuimba mlandu.

Anthu anasonkhana pakhomo pathu kuti amve za kundende. Ankayembekezera zikuluzikulu. Ndinangowauza kuti ndabwerako, zikomo. Anabalalika mokhumudwa, ena n'kumati boma landidula lilime. Mwezi unatha ndisananene nkhani ngakhale imodzi. Ndikati ndiyambe, ndinkamva ngati wina wandiimirira kumbuyo kudikira kuti andiuze pothera pake.

Mvula isanayambe, ine ndi akazi anga tinapita kukalambula pamanda. Titamaliza anakhala pansi, n'kufunsa maso ali kudothi.

"Ndinamva kuti ankafuna munene kuti mwanayu kunalibe."

"Eya."

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndinati analipo."

Anagwedeza mutu, n'kusalaza dothi ndi chikhatho monga ankachitira ndi mphasa yake. "Analipo," anatero.

Kenaka anandicheukira.

"Kodi kumeneko nsikidzi zinaliko?"

"Zinaliko," ndinatero. "Zazikulu ngati akamba. Ina inkandibwereka jekete kukazizira, koma inkabweza. Inali ya makhalidwe abwino. Tsiku londitulutsa inandiperekeza mpaka pachipata, amilisiya n'kuibweza chifukwa inalibe giya."

Akazi anga anagwira pakamwa ndi nsalu. Anayesa kudziletsa, poti tinali pamanda, koma zinakanika. Anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo inapitirira kuseka kutatha. Chisefukireni mtsinje ndinali ndisanawamvepo akuseka.

Nkhondo itatha, anthu ambiri anabwera kudzatiuza tanthauzo la ufulu, ena ndi mbendera, ena ndi malaya aulere. Ine wanga ndinaulandira tsiku limenelo pachitunda. Ndinanena bodza langalanga, popanda wondisankhira, kwa munthu amene ankadziwa kuti ndi bodza, pambali pa mwana amene palibe anatha kundikanitsa. Zina zonse zimene ndalemba pano mukhoza kuzikayikira, nkhani ya nsikidzi yomwe, ngakhale ndikulumbira kuti jeketelo likadali ndi fungo lake. Koma mwanayo analipo.