Kabudula Woyera wa Layitoni

Ndikukumbukira chulu china chachikulu chimene chinali m'mphepete mwa dambo, kumunsi kwa mudzi wathu, mbali ya ku Nathenje. Chandikumbutsa ndi foni. Mdzukulu wanga Tadala, amene ali ku sekondale, anabwera patchuthi ndi kanema wa anthu akunja ovina pa madzi oundana. Amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake, n'kumatsetsereka, kuzungulira ngati nguli, kudumpha m'mwamba, nyimbo ikulira. Tinali pakhonde masana tikuswa mtedza. Ndinati ndingosuzumirako kuti mwana asakhumudwe, koma ndinangozindikira ndaika lichero pansi.

Tadala anandifotokozera kuti kale oweruza masewerawa ankayang'ana kuvina konse n'kupereka malikisi monga mmene kwawafikira pamtima. Anthu atadandaula kuti pali kukondera, malamulo anasinthidwa. Tsopano chilichonse chili ndi mlingo wake: kudumpha kwakuti malikisi akuti, kuzungulira kwakuti malikisi akuti. Okonza mavinidwe amakhala pansi ndi pensulo n'kumapanikiza zinthu zovuta m'timphindi tochepa. Akuti kudumpha chakumapeto, munthu atatopa kale, kumapatsa malikisi owonjezera, ndiye ena anakankhira zodumpha zawo zonse kumapeto, mpaka lamulo linakonzedwanso. Iye ankaseka pofotokoza. Ine sindinaseke. Nkhani imeneyi ndinaidziwa kalekale, ndisanaonepo ngakhale madzi oundana a m'firiji.

Sukulu ndinayamba mochedwa. Anzanga akuphunzira a, e, i, ine ndinali kumbuyo kwa ng'ombe za atsibweni. Ndinalowa Sitandade 1 ndevu zitatsala pang'ono kutuluka. Ana ankanditcha abambo a kalasi, ndipo tikakhala pansi pa mtengo aphunzitsi ankandiika kumbuyo kwenikweni kuti mutu wanga usatchinge bolodi. Chonditonthoza chinali chakuti sindinali ndekha. Ndinalowa tsiku limodzi ndi Layitoni, mnzanga wa kubusa, wamsinkhu wanga.

Layitoni anali ndi mwendo wakumanzere waufupi ndi wowonda chifukwa cha matenda amene anadwala ali khanda. Poyenda ankatsimphina. Koma pachulu paja panalibe wofanana naye. Mvula ikagwa tinkasiya ng'ombe zikudya msipu, n'kumathira madzi pachulu ndi zikho, kusalaza ndi manja mpaka dothi literere ngati therere. Tonse tinkatsetsereka chokhala, ndipo makabudula athu ankathera pomwepo, zikwapu n'kumatidikira kunyumba. Layitoni yekha ankatsika choimirira, pa mwendo wake wabwino uja, winawo ataukweza kumbuyo, manja atatambasula ngati kakowa akamatera pakati pa ng'ombe. Mpaka lero ndikamva fungo la dothi lonyowa, ndimamuona akutsika, matope ali mpaka m'makutu, mano okha akuyera.

Kwathu mwamuna aliyense ankakula akudziwa mganda: mizere ya amuna ovala zoyera, ng'oma yaikulu ikugunda, aliyense ali ndi badza m'manja. Badza ndi chikho chachitali chimene timaboola n'kumatapo nembanemba yoyera ya kangaude, kuti ukaimbiramo chizilira ngati njuchi zasokonezedwa. Sukulu yathu inali ndi gulu lake la mganda, ndipo popeza ndinali wamkulu komanso ndinaphunzira kwa akuluakulu a m'mudzi, anandiika kukhala kaputeni. M'kalasi msinkhu wanga unali wochititsa manyazi, koma pabwalo unali ulemu.

Kudumpha Layitoni sankatha. Ndiye anatenga chulu chija n'kubwera nacho pabwalo. Pakati pa nyimbo yachitatu ng'oma inkatsika mawu, mizere n'kupatukana, iye n'kutulukira kumbuyo pa mwendo umodzi, wopanda nsapato, akusuntha chidendene ndi zala mochenjera moti sunkaona kuti akuyenda bwanji. Ankangooneka ngati fumbi lamunyamula. Mpango woyera uli m'manja, ankachoka kumapeto kwa bwalo mpaka kukafika patsogolo pa anthu, osafulumira. Amayi ankaimba nthungululu, ena n'kuthamangira kukam'pukuta thukuta, ena kum'fupa mazira ndi nzimbe. Nzimbezo tinkadya tonse pobwerera.

Chaka chilichonse tikatha kukolola, masukulu a m'dera lathu ankakumana ku Mitundu kupikisana magule. Oweruza anali madoda atatu okhala pamipando pansi pa mtengo. Ankaonera, kunong'onezana, kenaka mmodzi n'kuimirira kutchula opambana. Ife tinapambana zaka ziwiri zotsatizana, ndipo aliyense ankadziwa kuti wapambana ndi Layitoni. Masukulu ena anadandaula kuti madodawo amangotsatira nthungululu za amayi, komanso kuti mmodzi wa iwo anakwatira m'mudzi mwathu. Zachiwirizi zinali zoona. Chaka chachitatu kunabwera pepala.

Aphunzitsi a Mbewe, amene ankayang'anira magule, anatiwerengera pepalalo titakhala pafumbi. Mizere yowongoka inali ndi malikisi ake. Masitepe osiyanasiyana anali ndi malikisi ake. Kudumpha kulikonse kwa gulu lonse pamodzi kunali ndi malikisi ochuluka kuposa zina zonse. Nthawi inali yochepa, yothera pa wezulo. Munthu akatsalira kapena kuchoka pamzere, malikisi ankachotsedwa. Ndinamvetsera mpaka kumapeto kudikira pamene alemba za kutsetsereka, koma panalibe. Chinthu chimene chinkaimitsa anthu pamipando chinalibe kabokosi kake, ndipo chinkadya nthawi yokwana kudumpha kanayi.

Sabata yomweyo a hedimasitala anatiitana awirife ku ofesi. Anati makolo ena akudandaula kuti ana awo akuphunzira ndi madoda.

"Anyamata inu, msinkhu wanuwu ndi wakumunda," anatero. "Chimene chikukusungani pano ndi mganda. Mukakabwerako chimanjamanja ku Mitundu, ine ndidzasowa chowayankha anthu."

Nthawi imeneyo n'kuti nditangoyamba kuwerenga bwinobwino. Mwezi womwewo ndinali nditawawerengera amayi kalata yochokera kwa abambo ku Joni, ndekha, popanda kupita nayo kwa munthu wina kuti amve zinsinsi za pakhomo pathu. Amayi anandiyang'ana ngati mlendo wolemekezeka. Kubwerera kumbuyo kwa ng'ombe ndinkakuopa kuposa fisi.

Tinayamba kukonza mavinidwe atsopano. Tinadula nyimbo yachitatu, tinathiramo zodumpha paliponse pamene panali mpata. Layitoni anayesetsa. Tonse tikatera pansi kamodzi, iye ankatera pambuyo pake, phazi lake n'kumveka lokha ngati ng'oma yachiwiri. Ankadziseka yekha: "Inu teranitu lero, ine nditera mawa." Anzathu ankaseka naye. Ine ndinkawerenga malikisi ochotsedwa m'mutu.

Ndiyenera kunena zoona pano, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkauza anthu kuti linali lamulo. A Mbewe anandiitanira pambali n'kundiuza kuti: "Kaputeni ndiwe, Yohane. Ukati tipite naye, tipita naye. Kuluza si imfa." Palibe anandikakamiza. Ndinasankha ndekha kuti m'malo mwake mulowe mnyamata wina wa Sitandade 4 wodumpha ngati chiwala. Chimene ndinalephera ndi kumuuza Layitoni. Tsiku lililonse tinkabwerera limodzi kunyumba, iye akukamba za ku Mitundu, ine n'kumangovomereza.

Mnyamata watsopano uja analibe zoyera. Mwambo wathu unali wakuti kukatsala masiku awiri, kaputeni ankasonkhanitsa zovala zonse, kuzichapa, kuziviika m'madzi a chinangwa kuti ziume gwa, n'kukazisita ndi simbi ya makala ya akazi a aphunzitsi. Kabudula wa Layitoni anasoka ndi amayi ake, pamanja, kuchokera ku thumba la ufa. Ulusi woyera analibe, ndiye anasokera wofiira. Anandipatsira atam'kulunga bwino m'pepala. Ine ndinamuuza kuti, "Ndi mwendowo usavutike kulawirira. Uzibwera pang'onopang'ono, zovala ukazipeza konko."

Kunali kozizira tsiku limenelo, kamphepo ka Juni kakuulutsa makoko a chimanga pabwalo. Layitoni anafika ife titavala kale, tili pamizere. Badza lake linali pakhosi, atamanga ndi chingwe. Anayang'ana mzere woyamba, wachiwiri, akufunafuna mpata wake. Maso ake anakaima pa ulusi wofiira wa kabudula amene anavala mnyamata watsopano uja. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana ine. Ndinkayembekezera kuti anditukwana, ndipo ndikanakonda akanatero.

"Yohane," anatero, "kabudulayo ndi wamkulu m'chiuno. Um'mangire luzi mwanayo, angam'vuke pakati pa anthu."

Kenaka anavula badza lija n'kundipatsa. "Ilinso likulira bwino. Ndamata dzulo."

Ndinalandira. Luzi ndinamanga ndekha.

Tinapambana. Mizere inali yowongoka ngati ya fodya, tinadumpha pamodzi ngati munthu mmodzi, wezulo analira ife titamaliza kale. Pepala la oweruza linadzaza. Anthu anaomba m'manja mwaulemu, monga amachitira mlendo akamaliza kulankhula. Palibe mayi anathamangira pabwalo ndi mpango. Mayi wina wogulitsa thobwa anafunsa mokweza kuti, "Nanga wotsetsereka uja mwamusiya kuti?" Ndinachita ngati sindinamve. Anatipatsa makope ndi mapensulo, ine n'kuonjezeredwa kapu yachitsulo. Nditayang'ana m'chigulu cha anthu, Layitoni panalibe. Pobwerera ndinaona mapazi ake m'fumbi la njira, lina lozama, lina longokhudza pamwamba. Anzanga ankaimba, ine ndinkalambalala mapaziwo kuti ndisawaponde.

Lolemba sanabwere kusukulu. A hedimasitala sanam'chotse, palibe anam'chotsa. Kwawo kunali pafupi, kongodutsa munda umodzi. Ndinachapa kabudula uja n'kunena kuti mawa ndipita ndikam'patse ndekha, ndikapepese. Mawa linafika, ndinati mawa. Pamapeto pake ndinatuma mwana kuti akapereke. Mvula isanagwe ndinamva kuti Layitoni wakwera lole ya anthu opita kukalima fodya ku maesiteti a ku Kasungu. Badza lija linatsala kwa ine.

Sukulu ndinamaliza, ndili kale ndi ndevu zometa. Ndinapeza kantchito kaukalaliki, ndinakwatira, ana anga onse anapita kusukulu pa msinkhu wake. Zonsezi zinachokera pa tsiku lija, ndipo n'chifukwa chake sindinathe kuzidya ndi mtima wonse. Patapita zaka zambiri ndinakumana ndi mlongo wake wa Layitoni, a Naphiri, pamaliro ena kufupi ndi Diamphwe. Tonse tinali ndi imvi. Ndinalimba mtima n'kufunsa za iye. Anati anabwerako kamodzi kokha, ine ndili ku Lilongwe, kenaka anawolokera ku Mozambiki, ndipo kuchokera pamenepo sanamvekenso.

"Anakufunsanitu," anatero a Naphiri. "Anati, kodi Yohane sukulu ija anamaliza? Ndinati anamaliza. Ndiye anati, basi, kabudula uja sanapite pachabe."

Mawu amenewa ndawatembenuza mbali zonse. Masiku ena ndimamva ngati anandikhululukira. Masiku ena ndimamva ngati ndi chikwapu chimene anandisungira. Wondiuza tanthauzo lake palibe.

Zinthu zasintha. Chulu chija anachigumula n'kuumba njerwa, dambo lonse ndi madimba a tomato ndi kabichi. Ana a masiku ano amalowa sukulu mano a mkaka asanaguluke, ndipo ndi bwino kutero. Akangaude a nembanemba yoyera aja akusowa m'nyumba zathu za simenti, moti anyamata ovina mganda amamata mabadza ndi pepala la pulasitiki. Amalira ndithu, koma si njuchi zija. Pepala la oweruza sindilida. Madoda aja ankakonderadi, ndipo ana a masukulu ena nawonso ankayenda mtunda wautali kudzavina. Koma pepala limawerenga zimene lingathe kuwerenga, zinazo limasiyira anthu. Ine linandisiyira mnzanga, ndipo ndinam'yeza ndi pepala lomwelo. Badza lake likadali kudenga kwanga, lakuda ndi utsi, nembanemba inatha kalekale.

Masana aja pakhonde, ndinam'pempha Tadala kuti abweze kanema pambuyo pang'ono. Panali pena pamene mtsikana wovinayo anasiya kudumpha, n'kungoyenda pa mwendo umodzi kuchoka kumapeto kwa bwalo.

"Apa palibe malikisi ambiri, agogo," anatero Tadala. "Dikirani muone podumpha."

"Bweza pomwepo, mwanawe."

Anabweza. Ndinati abwezenso, anabwezanso, akundiyang'ana modabwa. Nkhuku zinapeza mpata n'kuyamba kujompha mtedza m'lichero, koma sindinaziingitse. Mtsikana uja anakweza mwendo kumbuyo, anatambasula manja, akubwera pang'onopang'ono osafulumira. Kunja kunali chilimwe, fumbi lokhalokha, koma ine ndinamva fungo la dothi lonyowa.