Mfuti ya mkamwini wanga itayamba kukana

Ku Birmingham ine sindinapitire kukaona mzinda ayi. Mwana wanga wamkazi anali atachira mwana wake woyamba, ndiye anandiitana kuti ndikamuthandize. Ankakhala ku Selly Oak, m'nyumba zija zogundana makoma, zoti mnzako akatsokomola umamva.

Mwamuna wake ankagwira ntchito kufakitale ya magalimoto ku Solihull. Munthu wofatsa, wosakweza mawu. Loweruka ankapita kukilabu kukawombera chandamale cha pepala. Mfuti inkakhala m'kabati yachitsulo yokiya, apolisi akudziwa. Zipolopolo ankapanga yekha: kutenga makoko akale, kuika kumbuyo kabatani kakang'ono koyatsa moto kamene ankati pulaima, kuthira onga woyeza bwino, n'kutseka.

Kuzizira kutafika mfuti ija inayamba kukana. Akakoka ingoti kha, kenako zii. Chipolopolo china chilira, china ayi.

Nkhani inawapeza azakhali a mkamwiniyo, amene ankagwira ntchito kuchipatala ku Edgbaston. Anabwera Lamlungu titaweruka kutchalitchi, n'kukhala pansi osavula jasi.

"Kwathu mfuti ikamakana sitifunsa mfuti," anatero azakhaliwo. "Timafunsa mkazi wa mwini mfuti kuti akuyenda bwanji."

Mwana wanga anali ataima pakhomo la khitchini, khanda lili pachifuwa. Anangotembenuka n'kukwera kuchipinda. Ine ndinamva kuti akumunena chigololo, poti nanenso ndinakulira kwa alenje. Mawu otere akafika kumudzi, banja limagwedezeka.

Mkamwini sanakalipe. "Zakhali, ndamva. Koma mundilole ndiyambe ndaifunsa mfutiyo."

Ndipo anaifunsadi, mmene ndinali ndisanaonepo munthu akufunsira chitsulo. Anabwera ndi zipolopolo zokana zija n'kuziika patebulo, osandipatsira m'manja, poti ndife apongozi.

"Amayi, taonani dzenje ili kumbuyoku. Kamsomali ka mfuti kakumenya bwinobwino. Ulesi palibe."

Loweruka linalo anagula zipolopolo za m'sitolo. Zonse zinalira. Ndiye kuti mfuti inalibe mlandu. Anamasula zokana zija, onga unali wouma gwa. Anatapa mapulaima m'bokosi lake n'kupatsa mzungu wina wachikulire wa kukilabu kuti apangire zake. Za mzunguyo zinalira zonse.

"Kwatsala ine," anatero mkamwini akuseka. "Wakuba ali m'nyumba momwemuno."

Mwana wanga sanaseke. Masiku amenewo ankadya ngati mbalame.

Tsono mkamwini ameneyu anali ndi khalidwe limene kwathu amuna anzake akanamuseka nalo. Akaweruka kuntchito ankasambitsa yekha khanda, n'kulidzoza vaselini thupi lonse, mpaka m'mapindi a khosi, chifukwa kuzizira kwa kumeneko kumang'amba khungu lathuli. Akamaliza ankapukuta manja pa thalauza n'kupita kukapanga zipolopolo zake. Tsiku lina anatuluka m'kachipinda kake kopangiramo zipolopolo atanyamula chivindikiro cha chitini, akuchiyang'anitsa pawindo. Zala zake zinali zitadindika pamenepo, zonyezimira.

Sanathamangire kulengeza. Anapanga milu iwiri ya zipolopolo: wina atangodzoza mwana, wina atasamba m'manja ndi sopo wotsukira mbale. Kenako anakawatenga azakhali pagalimoto, nafenso tinakwera, mpaka kukilabu. Anativeka zotseka m'makutu, tinaima kumbuyo.

Mulu woyamba, kha, zii. Iye osatsegula msanga, mfuti italozabe kuchandamale, kudikira kaye, poti ankati chipolopolo chokana nthawi zina chimasintha maganizo. Mulu wachiwiri, phuu! Phuu! Mpaka kutha, osaphonya n'chimodzi chomwe.

"Zakhali, mkazi amene amalodza mfuti yanga ndi uyu," anatero akuloza khanda limene ndinabereka kumbuyo. "Mafuta akewa akalowa mu pulaima, moto sugwira. Mumuzenge mlandu."

Azakhali anapita pamene panaima mwana wanga, anamugwira dzanja ndi manja awiri. "Mayi, ndinalankhula mopupuluma. Pepani."

Pobwerera mwana wanga anati njala yamupweteka, tiime tigule tchipisi. Anadya zake, n'kumalizanso za mwamuna wake.

Ine ndinkaganiza kuti basi, ntchito yodzoza mwana mkamwini andisiyira ine. Ayi ndithu. Madzulo omwewo ndinamva madzi akuthira m'bafa, iye akuimbira khanda lake. Chimene anasintha n'kuika sopo ndi kathawulo pakhomo la kachipinda kaja.