Dzina la Amuna Anga ku Tchalitchi cha pa Phiri

Amuna anga anawoloka malire kukatenga mayi awo chaka chimene nkhondo ya ku Mozambiki inafika poipa. Anachoka chimanga chili m'mawondo, nanena kuti pofika Loweruka akhala atabwera. Kwawo sikunali kutali. Munthu woyenda bwino akachoka kwathu kuno kufupi ndi Thambani m'mamawa, dzuwa linkamulowera ali pakhomo pawo. Loweruka linakwana, munthu osaoneka. Patatha milungu iwiri apongozi anga anatulukira popanda mwana wawoyo, atadzera njira ina ya m'mapiri pamodzi ndi othawa anzawo, mapazi atang'ambika, kolona ili m'khosi, kampoto kamodzi kali m'manja. Asanakhale n'komwe pansi anafunsa kuti, "Mwana wanga ali kuti?" Ine funso langa linalinso lomwelo.

Zaka zitatu zinatha tikukhala nyumba imodzi, ine, iwo ndi ana anga awiri. Kenaka malume anga anayamba kubwerabwera ndi nkhani imodzimodzi. Kwathu kuno munthu akasowa, thupi osapezeka, amadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwa mwiniwake. Akatero amameta maliro, mkazi n'kumasuka. Malume ankafuna titero. Ankati ndikadali mwana, sindingakalambe ndikuyang'ana kunjira. Koma maliro ali ndi eni ake, ndipo wa kuchimuna amene analipo anali apongozi anga okha. Popanda iwo kuvomera, nthochi sikanadulidwa.

Iwo yankho lawo linali limodzi tsiku lililonse: "Ine sindinabereke nthochi."

Ine ndinali mbali yawo. Pakamwa panga sipachedwa, anthu a m'mudzi muno amadziwa. Tsiku lina ndinawauza malume maso ndi maso kuti ngati atopa kundiona ndili ndekha, azitsinzina akamadutsa pakhomo panga. Anachoka akupukusa mutu. Zoona zake, chimene chinkandilimbitsa ine ndi mayi wokalambayo. Ndinkati bola iwo akukana, ndiye kuti amuna anga ali moyo kwinakwake.

Apongozi anali Akatolika, ine ayi. Ndinakulira mu mpingo wopanda makandulo, wopanda zogwadagwada. Chaka chimenecho, titakolola, anamva kwa anzawo za tchalitchi chakale cha pa mishoni ina ya kumapiri, chimene ansembe oyamba achizungu anamanga agogo athu ali ana. Chaka ndi chaka anthu ankapita kumeneko wapansi pa chikondwerero cha Amayi Maria. Apongozi anati akufuna akagwade kumeneko, akapemphe mwana wawo. Ine za kugwada sizinandikoke. Chinandikoka ndi chimene anawonjezera: ankati othawa nkhondo a m'misasa yonse amakumana kumeneko, ndipo ena amapezana ndi abale awo. Ndinasiya ana kwa mchemwali wanga, tinanyamuka.

Tinakwera lole ya matola mpaka pa Mwanza, fumbi mpaka m'mano. Kuchoka apo tinayenda. Apongozi anakana kuvala nsapato zimene ndinawabwerekera, anati wopempha sapita atavala bwino. Tinagona kwa anthu m'njira, ndipo m'mawa mwake, dzuwa litakwera pang'ono, tinaona nsanja ya belu pamwamba pa mitengo.

Ndisaname, nyumba ngati imeneyo ndinali ndisanaionepo. Njerwa zofiira zakale, zina zitadyeka m'makona, khoma lochindikala moti munthu ukhoza kukhala pawindo n'kutambasula miyendo. Mwala wa pakhomo unali utakumbika pakati chifukwa cha mapazi a anthu. M'kati munali mozizira, mukununkha lubani ndi ndowe za mileme. Kutsogolo kunali chifanizo cha mayi wovala nsalu ya buluu, utoto utasupuka pamphuno, ndipo pansi pake makandulo anali atasungunuka n'kuundana ngati chulu. Kuseri kwa tchalitchi kunali manda a ansembe aja, mitanda yachitsulo ili pamzere, aliyense dzina lake litalembedwa bwinobwino. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu. Anthu anachoka kutsidya kwa nyanja, koma manda awo akudziwika. Wanga anangopita ulendo wa tsiku limodzi. Mtima unandiwawa, ndipo nsanje ndinachita, nsanje ya manda.

Anthu ndiye analipo, mitu bii. Chinyungwe, Chisena, Chipwitikizi, zonse zikumveka pabwalo limodzi. Ndinayamba kuyang'ana nkhope za amuna mmodzimmodzi mopanda manyazi, mpaka mayi wina anandifunsa ngati ndikufuna mwamuna wake. Apongozi anandisiyira kathumba kathu n'kupita kokaulula machimo, kumene mzere wake unazungulira mtengo wa mango kawiri.

Ndili ndekha choncho ndinaona mzere wina kukhomo la m'mbali. Unali wa amayi okhaokha pafupifupi, ambiri othawa nkhondo, nkhope zakugwa. Kutsogolo kunali tebulo, ndipo bambo wina wa magalasi, amene pambuyo pake ndinamva kuti ndi katekisiti, ankalemba mayina papepala.

Muyenera kudziwa mmene zinthu zinalili zaka zimenezo. Ukaona mzere unkayamba walowa, kufunsa pambuyo. Mzere wa ufa, wa nyemba, wa mabulangete, wa makadi, yonseyo ndinaimapo m'malo mwa apongozi. Ndipo katatu konse ndinaimapo pa mzere wa anthu a mabungwe amene ankalemba mayina a osowa kuti akawafufuze m'misasa. Tebulo, pepala, amayi achisoni akutchula mayina a amuna awo: ine ndinati ndi zomwezija. Amati safunsa anadya phula. Ine ndinadya lonse, ndi njuchi zomwe.

Nditafika patebulo bamboyo sanadzutse mutu.

"Dzina?"

Ndinatchula. Ndinatchulanso mfunda wawo ndi mudzi wa kwawo kutsidya, kuti pasakhale kusokoneza ndi munthu wina.

"Ndi ndani wanu?"

"Amuna anga."

Apo anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. "Pepani kwambiri, mayi."

"Kodi limveka lero lomwe?" ndinafunsa.

"Lero lomwe, pa Misa, anthu onse akumva."

Ndinachoka pamenepo ndikumwetulira, ine chitsiru. Ndinati pa khamu lonseli sipangalephere kupezeka mmodzi womudziwa. Apongozi sindinawauze. Maulendo atatu aja ndinkawauza, iwo n'kumadikira yankho miyezi, osabwera, n'kudwala nazo. Ndinati ulendo uno angomva zikatheka.

Belu litalira tinalowa. Tinapanikizana pa benchi ya amayi, pakatikati, moti ngakhale kukanda mwendo sikunkatheka. Anthu akaima ndinkaima, akagwada ndinkagwada mochedwa. Ulaliki sindinaumve, khutu linali ku dzina. Kenaka bambo wa magalasi uja anapita kutsogolo ndi mapepala ake, nakonza kukhosi, nati tsopano tipempherere abale athu amene anatisiya, kuti Mulungu alandire mizimu yawo.

Mayo ine! Anayamba kuwerenga, ndipo dzina lililonse likatchulidwa mpingo wonse unkayankha kuti apumule mumtendere. Ndinafuna kuimirira, kukuwa kuti dikirani, fufutani limodzi. Ine amene ndinatukwanapo msilikali wa pamalire chifukwa cha thumba la mchere, tsiku limenelo lilime linakana. Ndinangoyang'ana pepala lili m'manja mwa munthuyo, mayina akutha limodzilimodzi.

Linamveka bwino lomwe. Dzina, mfunda, mudzi, monga mmene ndinanenera. Tchalitchi chonse chinayankha.

Apongozi sanakuwe. Anandigwira pamkono, zala zawo n'kulowa m'mnofu, ndipo anakhala choncho mpaka Misa inatha. Titatuluka ndi pamene anadzigwetsa pafumbi n'kuyamba kulira maliro m'chinenero cha kwawo, akutchula dzina la ubwana la mwana wawo limene ine sindinkalidziwa n'komwe. Amayi ena anatizungulira, ena akulira nawo, wina akundisisita kumsana kuti limbani mtima. Pamenepo ndiye panali ponenera. Ndinatsegula pakamwa, koma apongozi anayamba ndiwo.

"Mwanawe," anatero akundigwira chitenje, "alipo amene anamuona. Munthu sapereka dzina ku Misa asanaone manda. Ndiye kuti anamuika. Sanadyedwe ndi afisi mwana wanga, anamuika anthu."

Anadzuka ndi mphamvu zimene sindinkadziwa kuti ali nazo. Anati timufune munthuyo, atiuze kumene kuli manda. Tinayamba kuzungulira bwalo lonse, gulu ndi gulu, pansi pa mtengo uliwonse. Iwo ankagwada pang'ono, n'kuomba m'manja, n'kufunsa kuti kodi ndinu munapereka dzina lakutilakuti? Anthu ankapukusa mitu. Ine ndili pambuyo pawo, kathumba kali pamutu, ndikuthandiza kufunafuna munthu amene ndinali ine ndemwe.

Potsiriza anati tipite kwa wolemba uja. Ndinawatsatira. Tinamupeza akupinda nsalu ya patebulo. Apongozi anafotokoza zonse: kuti mwanayo anasowa zaka zitatu zapitazo, kuti sitinamvepo kanthu, kuti lero ndi pamene tamva za imfa yake. Bamboyo anawamvetsera, kenaka anatembenukira kwa ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi ake. Ine maso pansi.

"Anthu anali ambiri, amayi," anatero pang'onopang'ono. "Sindingakumbuke nkhope zonse."

Mpaka lero sindidziwa ngati anaiwaladi kapena anangondisiyira katundu wanga kuti ndisenze ndekha.

Pobwerera ndinayesa kamodzi. Tinali titakhala pamwala m'mbali mwa njira, iwo akutsuka mapazi ndi madzi a m'botolo. Ndinati, "Amayi, bwanji ngati wina analakwitsa? Mwina anangoganiza chabe."

"Kuguwa salakwitsa," anayankha. "A Padiri anali pomwepo, anamva, anadalitsa."

Ndikanati ndinene kuti ndine, akanamva chiyani? Kuti mpongozi wawo, amene ankagona naye nyumba imodzi, anakalembetsa mwana wawo kwa akufa iwo ali kokaulula. Akanati ndinatopa kudikira, ndinapangana ndi malume. Ndipo ngakhale akanandikhulupirira, ndikanawalanda manda aja amene anali atangowapeza, n'kuwabwezera kutchire ndi afisi. Zifukwa ndinali nazo zambiri, ndipo ndazibwereza kwa zaka. Koma chachikulu chinali mantha basi.

Titafika kumudzi sanapume n'komwe. Anatuma mwana kukaitana malume, n'kuwauza kuti dulani. Malume anadabwa, anandiyang'ana ine kudikira kuti ndiyambe phokoso langa lija. Anadula nthochi ya kuseri kwa bafa, anaikulunga m'nsalu yoyera, anyamata anakumba manda, anthu anabwera ndi ufa ndi nkhuni monga pa maliro ena onse. Ana anga analira bambo awo. Anandimeta mpala. Pa anthu onse amene anali kumanda tsiku limenelo, ine ndekha ndi amene ndinkadziwa kuti palibe chimene tamva, kuti tili pomwe tinali zaka zitatu zapitazo. Enawo analira n'kumaliza. Ine ndinalibe poyambira kulira, ndinalibenso woti ndizidikira naye.

Nkhondo itatha, malole anayamba kubweza anthu kwawo. Ndinkanamizira kukagulitsa mtedza pa Mwanza kuti ndikaime pafupi ndi chipata cha pamalire, kuyang'ana olowa ndi otuluka. Theka la mtima linkafuna ndimuone mwamuna wanga. Theka lina linkanjenjemera kuti akabwera adzapeza manda ake, ndipo adzafunsa kuti anayambitsa ndani. Sanabwere. Kumudzi kwawo ndinapitako kamodzi, ndinapeza mabwinja ndi anthu achilendo osadziwa dzina lake. Sindinakwatiwenso, ngakhale anandimasula. Anthu ankati ndi chikondi, ine ndinkangowasiya azitero.

Apongozi anakana kubwerera kwawo. Anati kulibe wowadikira, ndipo anakhala ndi ine zaka zina zisanu ndi chimodzi mpaka anamwalira m'manja mwangamu. Anali atasintha, ankadya bwino, ankaseka ndi zidzukulu. M'mawa uliwonse tisanapite kumunda ankatisonkhanitsa pakhonde kuti tipemphere, ndipo ankamaliza ndi mawu omwewomwewo.

"Ndiponso munthu uja amene anaika mwana wanga m'manda n'kukapereka dzina lake ku mishoni, ife sitimudziwa, koma Inu mukumudziwa. Mumudalitse, mumubwezere monga mwa ntchito yake."

Akatero ankadikira, maso ali chitsinzinire, kufikira ine nditayankha kuti Amen.