Ampulifaya ya amuna anga

Amuna anga anabwerera kuchokera ku Halale kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, atatopa ndi ntchito yophika mu hotela. Anatsika kamiyau, lole yonyamula anthu ija, ndi katundu muwiri: gitala yofiira ndi bokosi lakuda, lolemera ngati thole. Akazi anzanga a ku Lifidzi amuna awo ankawabweretsera makina osokera, mabulangete, ena khasu la ng'ombe. Ine mwayi wanga unaposa onsewo. Ndinalandira bokosi lakudalo, ampulifaya.

"Imeneyi imakuza mawu a gitala," anatero akuipukuta ndi mpango. "Ndikaimba pano, a ku Domwe azivina."

"Nanga imadya chiyani?"

"Magetsi."

Ndinayang'ana denga lathu la udzu, ndinayang'ananso kanyali ka mafuta pakhoma. Munthu wangofika kumene sumufunsa mafunso ovuta.

Gitalayo inali thabwa chabe, lopanda mimba. Popanda bokosi lake inkalira ngati udzudzu wotsekeredwa m'chikho. Choncho ulemu wonse unapita kwa bokosi. Linakhala pa mpando umodzi womwe tinali nawo, litafunda nsalu yanga yopitira ku Misa. Utsi silinkaufuna, ndiye ine ndinayamba kuphikira panja, m'chisanu chathu chija cha mwezi wa Juni chong'amba milomo. Anthu ankabwera kudzaliona. Ankakhala pansi mwakachetechete moliyang'ana ngati afika pamaliro, kenako n'kutsanzika akuti, "Taiona, ndi yabwinodi."

Magetsi apafupi anali pa kantina ya mzungu wina wa Chipwitikizi, amene anali ndi motolo wopanga magetsi oziziritsira mowa wake. Amuna anga anakamupempha, iye n'kuvomera, chifukwa nayenso ankasowa chomuseketsa. Loweruka lina m'mawa tinanyamuka. Panjinga bokosi silikanakwera, poti m'kati mwake munali timabotolo tagalasi totchedwa mavalavu, ndipo sitinkafuna mabampu. Linakwera pamutu panga. Iwo anatsogola ndi gitala paphewa, akutembenuka kawirikawiri.

"Pang'onopang'ono, amayi. Kumbukirani mavalavu."

Ndinawakumbukira mavalavuwo mtunda wonse. Khosi langa limawakumbukirabe.

Titafika tinapeza kuti mutu wa chingwe uli ndi mano atatu, pamene bowo la pakhoma la Apwitikizi limalandira awiri. Amuna anga sanataye mtima. Anadula mutuwo ndi mpeni, n'kulowetsa mawaya osavala, n'kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi. Timabotolo tija tinayamba kufiira ngati makala, ndipo bokosi linayamba kung'ung'udza ngati njuchi za m'phanga. Atakhudza nsambo, kunamveka mawu oti mbuzi zomwe zinali pakhonde zinathawira m'munda wa nyemba. Ndinaona nkhope yawo ikuwala ngati ya mwana, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala za khosi.

Koma nsapato za ku Halale zinali zitawaluma m'njira, ndiye anali atazivula. Anaima pa simenti yonyowa ndi mapazi osavala, dzanja pa nsambo. Magetsi anawapatsa moni. Analumpha, gitala uko, iwo uku, n'kutchula dzina la malemu agogo awo. Mwini kantina anaseka mpaka kugwira kauntala. Atatha kuseka anaona kuti motolo wake wayamba kutsokomola, n'kutiuza kuti tizule mawaya athu mowa usanafunde.

Pofika kunyumba valavu imodzi inali itasweka. Mlandu unagwera kayendedwe kanga. Akuti ndimaponda ngati ndikusinja.

Tinatuma msuweni wawo, amene ankapita ndi mbatata ya kachewere kutsidya kwa malire, kuti akatifunire ina. Anabwera monyadira ndi babu la galimoto. Valavu yeniyeni inafika mvula itatha, kuchokera kwa mnzawo wa ku Halale, itakulungidwa mu sokosi. Nyengo yonseyo bokosi linali pa mpando, ife pamphasa.

Kenako mlamu wanga, mchemwali wawo wamng'ono, anapeza banja. Amuna anga anati nthawi yakwana yoti dziko limve. Madyerero anali pafupi ndi misau, mishoni yathu, ndipo anakagwada kwa wansembe, abambo padiri, mpaka analola kuti motolo wa pamenepo uyatsidwe masana. Anabwereka chingwe chachitali. Anavala suti, ndipo ulendo uno nsapato sanavule. Anauza anyamata a ng'oma kuti akhale pansi apume, lero kuli zamakono.

Anayamba bwino, ndisaname. Inali nyimbo ya ku Halale, yothamanga, ndipo atsikana anali atayamba kale kugwedeza mapewa. Ndime yoyamba isanathe ndinamva fungo ngati la tsitsi lopsa. Mawu anayamba kusasa, n'kukhala ngati munthu akuimba ali ndi chimfine. Kumbuyo kwa bokosi kunatuluka utsi wabuluu, wowongoka bwino. Kenako zii. Amuna anga anapitiriza kukanda nsambo osadziwa, thukuta lili kamukamu, tonse tikumva kaudzudzu kaja.

Apongozi anga, mayi awo, anali atakhala kutsogolo pa mkeka. Ananunkhiza m'mwamba n'kunena mosakweza mawu, "Mwanawe, chapsa chimenecho. Phula."

Anthu anayesetsa kusaseka, poti unali ukwati wa mlongo wake wa munthu. Anyamata a ng'oma, amene anali atapuma mokwanira, anadzuka okha osaitanidwa. Ukwati unavinidwa mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinasenzanso bokosi kubwerera nalo, likununkha, ndipo ulendo umenewu palibe anandiuza kuti ndiyende pang'onopang'ono.

Bulazala wina wa pa misau, amene ankakonza makina, anatsegula bokosilo patapita masiku. Anapezamo mphemvu zowauka ndi chitsulo china chosungunuka. Anati chinyezi cha mvula chinalowa, ndipo chitsulo chotere chimapezeka ku Joni. Amuna anga anagwedeza mutu ngati Joni ndi kuseri kwa nkhokwe. Ogula anabwera, wina ankafuna kuti asandutse bokosilo kabati, koma iwo anakana. Anati munthu sagulitsa chinthu chimene changodwala.

Kwa miyezi gitala sanaikhudze. Ankapita kumunda, n'kubwera, n'kukhala chete, ndipo ndinayamba kulakalaka ngakhale kaudzudzu kaja. Tsiku lina masana akuisuntha kuti ndisese, mutu wa gitala unagunda chitseko nsambo zikulira, ndipo chitseko chinayankha. Anaima. Anagunditsanso dala, n'kukanda. Thabwa la chitseko linakuza mawuwo, osati kwambiri, koma okwanira kufika pa mtondo.

Kuyambira pamenepo ankaimba ataimirira, gitala itatsamira chitseko chotseka. Ndipo munthuyo ankadziwa kuimba, chinthu chimene bokosi lija silinatipatse mpata woti tidziwe. Ana a oyandikana nawo ankadzakhala pabwalo kumvetsera. Vuto linali limodzi: nyumba yathu inali ndi khomo limodzi lokha. Ndikabwera kuchokera kuchitsime, ndinkaima panja ndi mtsuko pamutu, madzi akundidonthera m'khosi, kudikira kuti nyimbo ithe. Ndikagogoda ankayankha ali m'kati, "Taimani kaye amayi, yatsala ndime imodzi."